Kupeza pamene panali fakitale yakale mu Blantyre pogwiritsa ntchito chithunzi

Chithunzi chakale cha fakitale nthawi zambiri chimabwera ndi mawu ochepa kuseri kwake, mwina dzina la tawuni lokha, mwinanso popanda kalikonse. Ambiri akachigwira amayang'anitsitsa nyumbayo n'kuyamba kuzungulira ku Makata kapena ku Limbe kufunafuna khoma lofanana nalo. Njira imeneyo imangotha nsapato. Nyumba za mafakitale zimasintha msanga kuposa nyumba zina: amaziwonjezera, amasintha denga, amagwetsa chumuni, kampani ikagwa wina amagula n'kupaka penti ina. Zimene sizisuntha ndi mapiri, mitsinje ndi mmene njanji inadutsa. Choncho ntchito yoyamba ndi kupeza pamene wojambula anaima ndi kumene kamera inaloza. Mukapeza pamenepo, nyumbayo siivutanso, ngakhale itatsala maziko okha.

Mufunika rula, pensulo yosongoka bwino, pepala loonekera mkati lija lokopera zojambula, galasi lokuzira zinthu, tepi yoyezera ya mamita 30 kapena 50, kampasi, mapu a Blantyre, ndi kompyuta yokhala ndi Google Earth Pro, pulogalamu yoonetsa dziko kuchokera kumwamba, yomwe ndi yaulere.

Choyamba, kopani chithunzicho bwino

Musagwire ntchito pa chithunzi chenichenicho. Chipangeni sikani pa 600 dpi (madontho 600 pa inchi iliyonse), ndipo ngati ndi kakang'ono ngati bokosi la machesi, pa 1200 dpi. Sungani ngati fayilo ya mtundu wa TIFF. Chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp kapena Facebook chafinyidwa kale, timalemba ta pa chikwangwani tasanduka phala, ndiye pemphani mwini wake akutumizireni ngati fayilo. Pangani sikani kuseri komwe, ndiponso m'mphepete monse osadula, chifukwa kansonga ka phiri kamene kadzakupulumutseni kamakonda kukhala pakona. Ngati chili mu alubamu, jambulani masamba oyandikana nacho. Wojambula amajambula zinthu motsatana pa ulendo umodzi, ndiye chithunzi cham'mbuyo ndi chakutsogolo zimanena kumene ankachokera ndi kumene ankapita.

Pa kompyuta, detsani kumwamba kwa chithunzi pang'onopang'ono. Mafilimu akale ankayeretsa thambo mpaka phiri lakutali n'kusowa, koma mukachepetsa kuwala mzere wa phirilo umatulukira. Mapulogalamu amakono amene amati amakonza zithunzi zakale okha apeweni pa ntchito iyi. Amapeka mazenera ndi malemba amene kunalibe, ndipo mudzakhala mukufunafuna nyumba imene sinamangidwepo.

Sindikizani makope awiri pa pepala la A3, lina lolembapo, lina loyenda nalo.

Chachiwiri, kaikirani mawu olembedwawo

Dzina loti Blantyre pa chithunzi lingatanthauze zinthu zingapo. Mwina ndi tawuni yeniyeniyo. Mwina ndi Limbe, amene anali tawuni payekha mpaka pamene anaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956. Mwina ndi esiteti ya ku Lunzu kapena fakitale ya tiyi ya ku Thyolo, koma mwini wake analemba dzina la tawuni imene achibale ake kunja ankaidziwa. Komanso kuli Blantyre wa ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone, kumene kunali fakitale yaikulu ya thonje m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Pa intaneti zithunzi za kumeneko zimasakanikirana ndi zathu. Nyumba zazitali zamiyala, madenga a sileti ndi mtsinje waukulu wodekha ndi zizindikiro zoti mwasochera kutali.

Onaninso ngati chithunzi sichinatembenuzike pochitsuka, dzanja lamanja kukhala lamanzere. Izi zimachitika kawirikawiri ndi manegetivu ndi masilaidi. Malemba ndiwo mboni yosavuta. Ngati palibe, onani galimoto: kuno timayenda kumanzere, chiwongolero chili kumanja. Jekete ndi shati za amuna zimamangidwa mbali yakumanzere ili pamwamba pa yakumanja. Mukalumpha sitepe iyi, mizere yonse imene mujambule pa mapu idzakuponyani tsidya lina la tawuni.

Chachitatu, pezani zaka zake

Simukufuna chaka chenicheni, mukufuna malire awiri: chithunzi sichingakhale chakale kuposa chaka chakuti, ndipo sichingakhale chatsopano kuposa chaka chakuti. Malire amenewa ndiwo adzakuuzeni mapu ndi mabuku oyenera kutsegula.

Njanji inafika mu Blantyre mu 1908, kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje. Mbali yopita kumpoto, yodzera ku Chirimba ndi Lunzu mpaka Salima, inatha mu 1935. Ndiye chithunzi cha njanji kumpoto kwa siteshoni ya Blantyre sichingakhale cha m'ma 1910. Mabogi olembedwa Nyasaland Railways ndi a nthawi ya atsamunda kapena zaka zoyamba za ufulu, poti penti siisintha tsiku limodzi. Sitima za malasha zinayamba kulowedwa m'malo ndi za dizilo m'zaka za m'ma 1960. Mitengo ya katundu yolembedwa m'mashiling'i ndi mapeni ndi ya nthawi imene kwacha inali isanabwere mu 1971. Dzina la ADMARC nalonso linayamba mu 1971. Lisanabwere linali Farmers Marketing Board.

Nyumba zodziwika zikaoneka chapatali zimathandiza kawiri, pa zaka ndi pa malo. Mandala House ndi ya 1882. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinatha mu 1891. Chipatala cha Queen Elizabeth chinatsegulidwa mu 1958. Fakitale ya Carlsberg ku Makata ndi ya 1968. Kusaoneka kwa nyumba pamalo pamene lero ilipo ndi umboninso, bola mutsimikize kuti sinabisike kuseri kwa mtengo.

Chachinayi, werengani mapiri

Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo Blantyre ndi tawuni yamwayi chifukwa yazunguliridwa ndi mapiri osafanana. Muli pakati pa tawuni, Ndirande ili kumpoto chakummawa, Soche kummwera, Michiru kumpoto chakumadzulo. Muli ku Limbe, Ndirande ili kumpoto, Soche kummwera chakumadzulo, Mpingwe ndi Bangwe chakummawa. Muli ku Chirimba, Michiru ili kumadzulo ndipo Ndirande yabwera chakummawa. Kukayera bwino, Chiradzulu imaonekera patali kumpoto chakummawa.

Phiri limodzi lili ndi nkhope zambiri. Ndirande woonekera ku Makata si yemwe amaoneka ku Limbe: nsonga zimene kuno zatalikirana, uko zabisana. Kusintha kumeneku ndiko kukuthandizeni. Ikani pepala loonekera mkati pa chithunzi, tsatani ndi pensulo mzere umene phiri lakumana ndi thambo, ndipo ikani kadontho pa nsonga iliyonse, pa mpata uliwonse, ndi pa thanthwe lililonse loonekera. Kenako mu Google Earth Pro yatsani mbali yoonetsa kukwera ndi kutsika kwa nthaka, onetsetsani kuti kukokomeza kutalika kuli pa 1, tsikani mpaka pansi pa malo amene mukuwaganizira, ndipo tembenukani mpaka phiri lifanane ndi mzere wanu. Yesani malo asanu kapena asanu ndi limodzi: Makata, Ginnery Corner, Maselema, siteshoni ya Limbe, siteshoni ya Blantyre, Chirimba. Ambiri adzagwa msanga.

Musayerekeze mitengo. Ndirande anali ndi nkhalango ya paini imene inadulidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo phiri lovala mitengo limaoneka lonenepa ndi losalala kuposa lomwelo lili mbee. Soche nayenso wameteka, nyumba zakwera m'mbali mwake, ndipo namondwe Freddy mu Malichi 2023 anasiya zipsera za zigumukire zimene pa chithunzi chakale simungazipeze. Nsanja za mafoni ndi za wailesi pansonga nazo ndi zatsopano. Dalirani miyala ndi mipata.

Kukula kwa phiri pa chithunzi kusakunamizeni. Phiri looneka lalikulu kuseri kwa fakitale silitanthauza kuti lili pafupi, chifukwa wojambula akaima patali ndi kamera yokoka, phiri limatukumuka poyerekeza ndi nyumba. Chodalirika ndi kaimidwe ka nsonga, iyi ili kumanja kwa iyo, iyo yabisa theka la inayo.

Chachisanu, funsani mthunzi

Phiri likasowa, kapena mukafuna mboni yachiwiri, mthunzi umanena kumene kamera inaloza. Koma mabuku ambiri ofotokoza zimenezi analembedwa ku Ulaya, kumene dzuwa la masana limakhala kummwera chaka chonse. Kuno si choncho.

Blantyre ali pafupifupi madigiri 15.8 kummwera kwa equator. Kuyambira pakati pa Febuluwale mpaka kumapeto kwa Okutobala, dzuwa la masana limakhala chakumpoto, mithunzi imagwera kummwera. Mu Juni mthunzi wa masana umatalika kwambiri: mzati wa mamita 10 umaponya mthunzi wa mamita 8 kapena kupitirira pang'ono. Kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale dzuwa limadutsa paliwombo penipeni, mthunzi n'kulowa pansi pa mwini wake. Pakati pa nthawi ziwirizi limapendekera kummwera pang'ono, ndipo mu Disembala mzati womwe uja umaponya mthunzi wa mita imodzi ndi pang'ono, wolozera kumpoto. Dziwaninso kuti kuno dzuwa limafika pakati nthawi isanakwane 12 koloko, cha m'ma 11:40, kusiyana ndi mphindi zingapo malinga ndi mwezi.

Tsono mthunzi wokha sukwanira, muyenera kudziwa nyengo. Udzu wautali, chimanga m'munda, matope ndi mitambo yaikulu ndi dzinja. Udzu wopsa, fumbi, mapiri ozimirira mu utsi ndi Sepitembala kapena Okutobala. Anthu ovala majuzi ndi makhoti, thambo loyera kapena nkhungu ya chiperoni, ndi Juni kapena Julayi. Mthunzi wautali kuposa chinthu chake kawiri ndi wa mmawa kapena madzulo, ndipo umaloza chakumadzulo kapena chakummawa. Kuti musankhe pa ziwirizi, onani anthu: khamu lolowa pageti ndi mmawa, lotuluka ndi madzulo.

Gwiritsani mthunzi wa chinthu choima chilili pa nthaka yosalala, monga polo ya magetsi kapena munthu. Mthunzi wogwera pa mtunda wotsetsereka umanama.

Denga lokhala ngati mano a sowo, la magalasi mbali imodzi, limathandizako. Kummwera kwa equator magalasiwo amakonda kuwalozetsa kummwera kuti kuwala kulowe popanda dzuwa kuwomba mkati. Koma ena ankangotsata mmene poloti yakhalira, ndiye ichi chitengeni ngati kunong'oneza chabe.

Chachisanu ndi chimodzi, jambulani mizere pa mapu

Pezani mapu a 1:50,000 a Dipatimenti ya Surveys. Mzere wa madigiri 35 kummawa umadutsa chakumadzulo kwa pakati pa tawuni, choncho Michiru imagwera pa pepala loyandikana nalo, ndipo mungafunike kulumikiza mapepala awiri kapena kuposa. Funsaninso mapu a tawuni a sikelo yaikulu, monga 1:10,000 kapena 1:2,500, a zaka zoyandikira chithunzi chanu. Pa mapu a 1:50,000 milimita imodzi ndi mamita 50 pansi, ndiye pensulo yobuntha ingakusocheretseni mapoloti awiri.

Funani pa chithunzi zinthu ziwiri zodziwika zimene zaima pa mzere umodzi woongoka kuchokera pamwamba kutsika pansi, china pafupi, china patali. Mwachitsanzo nsonga ya phiri ili ndendende pamwamba pa mlatho wa njanji, kapena nsanja ya tchalitchi ili pansi pa mpata wa phiri. Pa mapu lumikizani ziwirizo ndi rula, ndipo pitirizani mzerewo kubwerera kumbali kumene kuli wojambula. Kamera inali penapake pa mzere umenewo. Pezani zinthu zina ziwiri, jambulani mzere wachiwiri. Pamene yadutsana ndi pamene anaima. Mizere ikadutsana mopapatiza, pa ngodya yochepera madigiri 30, kulakwitsa pang'ono kumasuntha malowo mamita mazana, ndiye sankhani zinthu zotalikirana, china kumanja kwa chithunzi, china kumanzere. Mzere wachitatu ndi woyesera. Itatuyo ikapanga katatu kakang'ono, malo ali mkati mwake. Ikapanga katatu kakakulu, chimodzi mwa zinthu zanu mwachitchula dzina lolakwika.

Nthawi zina zinthu zoima pamzere umodzi sizipezeka. Pamenepo tengani kapepala kowongoka m'mphepete, kagonekeni mopingasa pa chithunzi, ndipo lembani timizere pamene pali zinthu zinayi zodziwika. Pa mapu, kuchokera pa malo amene mukuwaganizira, jambulani mizere inayi kupita ku zinthu zinayizo. Yendetsani kapepala kaja pamwamba pa mizereyo, kukasendeza ndi kukapendeketsa, kufuna pamene timizere tonse tinayi tigwere pa mizere inayi nthawi imodzi. Zikakana mulimonse, malowo ndi olakwika. Zikalola, malowo ndi otheka, koma si okhawo amene angalole, choncho phatikizani ndi mzere umodzi wa njira yoyamba ija kapena ndi umboni wa mthunzi.

Pali msampha wina umene umagwira ngakhale odziwa. Mapu akale a dziko lino anayezedwa pa dongosolo lotchedwa Arc 1950, pamene foni yanu ndi Google Earth zimagwiritsa WGS 84. Mukatenga manambala osonyeza malo pa mapu akale n'kuwalemba mu foni osawasintha, mudzaima mamita mazana angapo kutali ndi malo enieni. Njira yachidule ndi kusatenga manambala konse: ikani chithunzi cha mapu akale pamwamba pa Google Earth, n'kuchikoka mpaka milatho, mphambano za misewu yakale ndi makhotakhota a njanji zigwirizane. Odziwa pulogalamu ya mapu ya QGIS angachite zomwezo molondola kwambiri, ndi malo odziwika osachepera asanu ndi limodzi omwazikana m'mapu monse.

Chachisanu ndi chiwiri, njanji, madzi ndi mtundu wa ntchito

Fakitale siimangidwa paliponse. Yakale inkafuna njanji yobweretsa ndi kutenga katundu, ndipo ya boyila inkafuna madzi. N'chifukwa chake zambiri zinandandalika m'mbali mwa njanji pakati pa Limbe ndi Blantyre, ndi m'chigwa cha Mudi. Kanjanji kopatukira pageti la fakitale kakhoza kuzulidwa, koma kamasiya chipsera: mpanda wokhota mofatsa popanda chifukwa, nyumba yodulidwa pakona, kanjira kopindika pakati pa mapoloti. Kuchokera kumwamba zimenezi zimaoneka bwino. Mu Google Earth Pro bwererani m'mbuyo ndi kabatani ka wotchi mpaka zithunzi za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nyumba zambiri zatsopano zisanadzaze.

Katundu wa pabwalo amanena ntchito ya nyumbayo. Mabelo ndi migolo ikuluikulu yamatabwa ndi fodya, ndipo fodya amakokera ku Limbe, kumene Imperial Tobacco Company inamanga fakitale mu 1908 ndiponso kumene okushoni inayamba mu 1938. Mabelo oyera omangidwa ndi zitsulo ndi thonje. Mabokosi a pulayiwudi okhala ndi zitsulo m'makona ndi tiyi. Fumbi loyera padenga ndi nkhokwe zazitali zozungulira ndi simenti kapena ufa. Milu ya nkhuni kapena malasha pafupi ndi chumuni ndi boyila. Nyumba yaitali ya zitseko zambiri zofanana, ya khonde lokwera kufika pa msinkhu wa bogi, ndi shedi ya katundu, osati fakitale.

Chachisanu ndi chitatu, yezani nyumbayo pa chithunzi

Mukufuna manambala oti mukawayese pansi. Pa chithunzi muli zinthu zimene kukula kwake kumadziwika. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji yathu ndi mamilimita 1,067, kuyeza mkati. Diramu ya magaloni 44 ndi yaitali masentimita pafupifupi 88. Malata akale a mizere yozungulira ali ndi mizere pafupifupi 13 pa mita. Njerwa ya muyezo wakale pamodzi ndi dothi kapena simenti yake ndi masentimita 23 m'litali, ndipo mizere inayi ya njerwa kukwera m'mwamba ndi masentimita pafupifupi 30. Khoma la mizere 60 ndi lalitali mamita 4.5. Njerwa zoumba pamanja zimasiyana kukula, ndiye lolani kulakwitsa kwa gawo limodzi mwa magawo khumi.

Muyezo umagwira pokhapokha chinthu choyezeracho chili pa mtunda umodzi ndi chimene mukuyeza. Diramu ili pafupi ndi kamera singayeze khoma lili patali. Khoma lothawira mkati mwa chithunzi musaliyeze ndi rula, liwerengeni: mapilala angati, mazenera angati, njerwa zingati pakati pa pilala ndi pilala. Powerenga njerwa sankhani mzere umene zagona m'litali, osati umene zaonetsa mitu. Njerwa 16 pakati pa mapilala ndi mamita 3.7, omwe ndi mafiti 12. Amisiri a nthawi imeneyo ankamanga m'mafiti, ndiye yankho lanu likayandikira 10, 12, 15 kapena 20, mwina mwalondola. Zigawo khumi zotere ndi nyumba ya mamita 37. Pitani pa Google Earth ndi rula yake, funani denga kapena maziko a muyezo umenewo m'dera limene mizere yanu inaloza. Kumbukirani kuti nyumba ikhoza kukhala yaitali lero chifukwa anaiwonjezera, koma mpata wa mapilala akale susintha.

Chachisanu ndi chinayi, mapepala ndi anthu

Pofika apa muli ndi dera laling'ono, mwina mapoloti atatu kapena anayi. Tsopano mapepala ali ndi phindu, chifukwa mukudziwa chofunsa. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ili ndi mabuku, zithunzi ndi magazini a bungweli. Ku National Archives ku Zomba kuli mafayilo a boma, Gazette ndi nyuzipepala zakale monga Nyasaland Times, mmene makampani ankalengeza malonda ndi malo awo. Mabuku akale a manambala a telefoni ndi chuma chonyozeka: amapereka dzina la kampani ndi msewu, chaka ndi chaka. Ku khonsolo ya mzinda ku Civic Centre funsani mapulani a nyumba, ndipo ku ofesi ya za malo funsani mbiri ya poloti. Konse kuwiri amafuna nambala ya poloti, osati dzina la fakitale. Zithunzi zojambulidwa pa ndege popanga mapu ndizo mboni yamphamvu koposa, poti zimaonetsa denga, chumuni ndi kanjanji pa chaka chodziwika. Funsani ku Surveys. Zithunzi zambiri za Directorate of Overseas Surveys, bungwe la Britain limene linkapanga mapu a maiko ngati lino, zimasungidwanso ku National Collection of Aerial Photography ku Edinburgh.

Mayina a misewu amasintha. Masauko Chipembere Highway inali Kamuzu Highway, ndipo misewu ina yasinthapo kangapo, ndiye dzina la msewu liwerengeni ndi mapu a nthawi yake. Mayina a masiteji a minibasi ndiwo ouma mutu. Wenela akusungabe dzina la bungwe limene linkalemba anthu ntchito za ku migodi ya ku Joni, ndipo Ginnery Corner akunena yekha za makina a thonje. Kondakitala akamaitanira dzina la kampani imene inatha kalekale, tcherani khutu.

Safunsa anadya phula. Ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa kuli agogo amene anagwira ntchito m'mafakitale amenewa, ndipo alonda akale ndi opuma ntchito ku njanji amadziwa geti lililonse. Pitani ndi kope lalikulu, perekani moni mokwanira, ndipo musatchule dzina limene mukuliganizira. Mukati, "Agogo, apa si pa fakitale yakutiyakuti?" ambiri adzavomera mwaulemu chabe. Funsani kuti, "Agogo, malo awa mukuwazindikira? Munkalowera mbali iti? Sitima inkaima pati? Mukatuluka pageti, phiri la Ndirande linkakhala kudzanja liti?" Mayankho otere mungawayese pa mapu. Funsani anthu atatu, aliyense payekha. Pa malo anthu amakumbukira bwino, pa zaka amaphonya, ndiye zaka zitengeni m'mapepala.

Chakhumi, kaimeni pamene anaima wojambula

Sankhani tsiku loyera. Epulo ndi Meyi ndi abwino, kapena mmawa mvula itagwa dzulo lake. Mu Okutobala mapiri amabisala mu utsi ndipo mudzangopsa ndi dzuwa. Ngati mungathe, pitani pa ora lofanana ndi la mthunzi wa pa chithunzi.

Yambani mwapempha. Malo ambiri ali ndi eni ake ndi alonda, ndipo munthu wojambula mpanda wa fakitale popanda mawu amaoneka ngati kazitape wa akuba. Onetsani chithunzi chakalecho pageti, chimatsegula pakamwa pa anthu kuposa kalata. Njanji ikugwirabe ntchito, musaime pakati pake. Kampasi imasokonezeka pafupi ndi zitsulo za njanji, malata ndi mawaya a magetsi, ndiye italikitseni mamita angapo, ndipo kumbukirani kuti kumpoto kwa kampasi kumasiyana ndi kumpoto kwa mapu ndi madigiri angapo.

Kamera ya foni yanu si yofanana ndi yakaleyo, koma zimenezo zilibe kanthu. Kaimidwe ka zinthu, ichi patsogolo pa icho, kamadalira pamene mwaima basi. Sankhani chinthu chapafupi chimene chatsala, monga kona ya khoma, ndi nsonga ya phiri. Ngati pa chithunzi chakale konayo ili kumanja kwambiri kwa nsonga kuposa mmene mukuonera, sunthirani kumanzere. Ngati ili kumanzere kwambiri, sunthirani kumanja. Ngati nyumba ikuoneka yaikulu kwambiri poyerekeza ndi phiri, bwererani m'mbuyo. Zonse zikagwirizana koma phiri likukana kutuluka pamwamba pa denga monga pa chithunzi, wojambulayo anali pamwamba: pa chulu, pa mtumbira wa njanji, pa thanki ya madzi, pa lole kapena pa khonde la nyumba yosanja. Yang'anani kumbuyo kwanu muone chimene akanakwerapo. Jambulani mopingasa, kamera ili yowongoka, ndipo kunyumba ikani chatsopano pamwamba pa chakale mu pulogalamu ngati GIMP, chapamwamba chikuonekera mkati theka. Yambani kugwirizanitsa mapiri, kenako muone pamene nyumba yakale yagwera.

Pansi funani zimene ogwetsa nyumba amazisiya chifukwa n'zovuta kuchotsa: tsinde la chumuni, konkire yochindikala yokhala ndi mabawuti pamene panali makina, khonde lokwezera katundu, ngalande za njerwa, mapilala a geti, masitepe osapita kulikonse. Pa khoma loimabe funani mazenera otsekedwa ndi njerwa za mtundu wina, ndi mzere wa denga lakale pa khoma lam'mbali. Yezani mpata wa mapilala ndi tepi muyerekeze ndi nambala yanu ija. Samalani ndi zidutswa za denga la asibesitosi, musaziswe kapena kuzisesa, fumbi lake limawononga mapapo. Maenje akale obisika mu udzu ndi njoka nazo zimakonda malo otere. Musatole kanthu kupita nako. Mukapeza chinthu chooneka chofunika pa mbiri, dziwitsani a Museums and Monuments, amene mungawapeze kudzera ku nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri.

Musanene kuti mwapeza mpaka mboni zitatu zosadalirana zitagwirizana: mapiri kapena mizere ya pa mapu, muyezo wa nyumba kapena maziko, ndi pepala kapena chithunzi cha pa ndege cha nthawi imeneyo. Anthu awiri amene onse anamva kwa munthu mmodzi ndi mboni imodzi. Makampani ena ankamanga mashedi ofanana m'malo angapo ndi pulani imodzi, choncho kufanana kwa nyumba pakokha n'kosakwanira. Polemba zotsatira, ikani manambala a malo awiri, pamene panaima kamera ndi pakati pa nyumbayo, nenani kuti ndi a WGS 84, lembani mbali imene kamera inaloza m'madigiri, tsiku limene munapitako, ndi kukula kwa chikaiko chanu m'mamita, kaya 10, kaya 100. Kuseri kwa chithunzi chenichenicho musalembepo ndi bolopeni, inki imadutsa. Lembani pa pepala lina, muike pamodzi mu envulopu.